Mwana wachiwiri abwere liti? Zomwe zili kuseri kwa malangizo a "zaka ziwiri"

Mayi amene ali ndi mwana mmodzi akayamba kuganiza za wachiwiri, amakumana ndi manambala osagwirizana. Kusikelo anamwino amati adikire zaka ziwiri. Pa wailesi amva kuti ana azisiyana zaka zitatu. Akafufuza pa foni apeza miyezi 18, pena miyezi 6. Kunyumba nakonso mawu sasowa: apongozi akufunsa kuti mwanayu akhala yekha mpaka liti, pomwe azakhali akuti samalani, musatumbize. N'chifukwa chake mabanja ambiri amangoti achipatala nawonso sadziwa chenicheni.

Chenicheni chilipo. Ena mwa manambalawa akunena chinthu chimodzi, kungoti amayambira kuwerenga pa malo osiyana. Ena anachokera ku maiko kumene mayi amadya mokwanira ndipo chipatala chili pafupi, choncho sangatengedwe momwe alili n'kuikidwa pa mayi wa kumudzi kwathu.

## Kuwerenga kumayambira pati?

Pali njira ziwiri zoyezera mpata wa ana. Yoyamba ndi kuwerenga kuchokera tsiku limene mayi wachira mpaka nthawi imene waimanso. Yachiwiri ndi kuwerenga kuchokera tsiku lobadwa mwana woyamba mpaka tsiku lobadwa wachiwiri. Njira ziwirizi zimasiyana ndi miyezi 9 ya pathupi, ndipo chisokonezo chambiri chagona pamenepa.

Mu Juni 2005, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linasonkhanitsa akatswiri ku Geneva kuti aunike nkhaniyi. Anagwirizana kuti mayi akabereka mwana wamoyo, padutse miyezi yosachepera 24 asanayesenso kutenga pathupi. Izi ndi zaka ziwiri zimene anamwino amanena. Mukaphatikizapo miyezi 9 ya pathupi, anawo amasiyana miyezi 33, kutsala miyezi itatu yokha kuti zikwane zaka zitatu. Apa mukuona kuti anamwino ndi wailesi ija sakutsutsana.

Tiyerekeze kuti mwana anabadwa mu Januwale 2024. Malinga ndi malangizowa, banjalo lingayambe kufuna pathupi pena mu Januwale 2026, ndipo mng'ono wake angabadwe chakumapeto kwa 2026. Koma banja limene lamva kuti "zaka ziwiri" n'kuganiza kuti ana azisiyana zaka ziwiri zakubadwa, mayi aima mwana ali ndi miyezi 15 yokha. Mabanja ambiri amalakwitsa pamenepa ali ndi mtima wofuna kutsatira malangizo.

Nanga miyezi 18? Imeneyi imachokera makamaka ku bungwe la madokotala a azimayi ku America, limene limalangiza kuti mayi apewe kuima isanathe miyezi 6, ndipo akafuna kuima isanathe miyezi 18 akambirane kaye ndi dokotala za ubwino ndi kuopsa kwake. Choncho miyezi 6 si mpata woyenera ayi, ndi malire amene pansi pake chiopsezo chimakhala chachikulu kwambiri.

## Chimachitika n'chiyani m'thupi la mayi?

Thupi la mayi lili ngati nkhokwe. Pa miyezi 9 ya pathupi mwana amatapa m'menemo, pochira mayi amataya magazi, kenaka kuyamwitsa kumapitiriza kutapa usana ndi usiku. Nkhokweyo imadzadzanso, koma mwapang'onopang'ono, ndipo zimadalira zimene mayi akudya. Pathupi pena pakabwera nkhokwe ili pakati, mwana watsopanoyo amayamba moyo ndi zotsalira.

Zinthu ziwiri zimene zimatha msanga ndi ayironi ndi foliki asidi. Ayironi ndi mchere umene thupi limapangira magazi, ndipo umapezeka mu nyama, chiwindi, usipa, nyemba ndi masamba obiriwira monga bonongwe. Foliki asidi ndi vitamini wofunika kuti ubongo ndi msana wa mwana ziumbike bwino m'masabata oyambirira, nthawi imene mayi nthawi zambiri sanadziwe n'komwe kuti waima. Mapiritsi owonjezera magazi amene amaperekedwa kusikelo ali ndi zonse ziwirizi. Mayi amene waima magazi ake ali ochepa amatopa msanga, amachita chizungulire, ndipo akataya magazi pochira thupi lake silikhala ndi pogwira.

Mu 2006, wofufuza Agustín Conde-Agudelo ndi anzake anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 67 wa m'maiko osiyanasiyana, wokhudza mimba zoposa 11 miliyoni. Poyerekeza ndi amayi amene anadikira miyezi 18 mpaka 23, amayi amene anaima isanathe miyezi 6 anali ndi chiopsezo chokwera ndi 40 peresenti chobereka mwana masiku asanakwane, komanso chokwera ndi 61 peresenti chobereka mwana wochepa sikelo. Nambala ngati izi zimaopseza zikamveka molakwika. Sizikutanthauza kuti ana 40 mwa 100 alionse abadwa masiku asanakwane. Zikutanthauza kuti ngati pakati pa amayi odikira ana 10 mwa 100 amabadwa choncho, pakati pa amayi oima msanga akhala pafupifupi 14. Ambiri amabadwabe bwino, koma anayi owonjezerawo ndi ana enieni, ofunika kufungatiridwa pachifuwa mwa njira ya kangaru kwa masabata ambiri, ndipo ena sapulumuka.

Kafukufuku yemweyo anapezanso chinthu chimene sichikambidwa kawirikawiri: kudikira kopitirira miyezi 59, pafupifupi zaka zisanu, nako kumabwera ndi chiopsezo. Thupi limakhala ngati likuyambiranso, ndipo vuto la kuthamanga kwa magazi pa nthawi ya pathupi, lija limatupitsa nkhope ndi manja mpaka kukomola mayi, limapezeka kwambiri mwa amayi otere monga limachitira mwa oyembekezera koyamba.

Kwa mayi amene anachira mwa opareshoni nkhani ndi ina. Chipsera cha pakhungu chimapola m'masabata ochepa, koma cha pachiberekero chimafuna nthawi yaitali kuti chilimbe. Ana akasiyana miyezi yosakwana 18, chiopsezo chakuti chiberekero ching'ambike pa chipserapo matenda akayamba chimakwera. Izi zikachitika pamafunika opareshoni nthawi yomweyo, ndipo mayi amene ali pa chipatala chaching'ono chakumudzi, akudikira ambulansi yopita kuchipatala cha boma, alibe nthawi imeneyo. Kwa mayi wotere, ine ndikuona kuti miyezi 24 ija si yochita kukambirana zochepetsa.

## Mwana amene ali kumsana

Makolo athu anaona kalekale kuti mayi akaima mwana ali wakhanda, mwana uja amayamba kudwaladwala, ndipo matendawo anawatcha utumbidwa. Zimene anaonazo n'zoona. Pamene kafotokozedwe kawo kamasiyana ndi ka achipatala ndi pa choyambitsa.

Ambiri amakhulupirira kuti mayi akaima mkaka wake umawonongeka, choncho mwana ayenera kusiyitsidwa bere tsiku lomwelo. Mayi amapaka tsabola kubere, kapena mwana amatumizidwa kwa agogo ake kuti akaiwale. Mwana wa miyezi 10 amene dzulo amayamwa kakhumi, lero akungopatsidwa phala la madzimadzi lopanda nsinjiro. Amalira, amakana kudya, amatsegula m'mimba. Pakapita masabata angapo mapazi amayamba kutupa moti ukadina ndi chala pamatsala kadzenje, tsitsi limafiira n'kumathothoka, ndipo mwana amene ankakwawa pabwalo ponse amangokhala phee pamphasa. Zikachitika mu Januwale kapena Febuluwale, ufa uli wochita kupima ndipo malungo ali pachimake, zimafulumira kwambiri.

Achipatala amati mkaka wa mayi woyembekezera suwonongeka ndipo sudwalitsa mwana. Chimene chimachitika n'chakuti umayamba kuchepa pathupi pakamakula, ndipo kakomedwe kake kamasintha, moti ana ena amasiya okha. Chodwalitsa mwana ndi kumuchotsera mkaka mwadzidzidzi popanda chakudya cholowa m'malo. Ngati pathupi palibe vuto monga kutaya magazi kapena mbiri yochira masiku asanakwane, mayi angathe kupitiriza kuyamwitsa, bola iyenso azidya mokwanira.

WHO imalangiza kuti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6, kenaka apitirize kuyamwa pamodzi ndi zakudya zina mpaka zaka ziwiri kapena kuposa. Mukaona bwino, zaka ziwiri zoyamwitsa ndi zaka ziwiri zodikira zikugwa pamodzi, ndipo izi sizinangochitika. Kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri pali masiku pafupifupi 1,000, ndipo kupinimbira kumene kwayamba m'masiku amenewa n'kovuta kukubweza. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ku Malawi anali opinimbira. M'dziko lotere, mwezi uliwonse umene mwana wayamwa uli ndi phindu.

## Kodi ofufuza onse amagwirizana?

Sagwirizana pa zonse, ndipo kusiyana kwawo n'kofunika kukumvetsa. Funso lawo ndi ili: kodi vuto ndi mpata waufupiwo, kapena amayi amene amaima msanga ndi omwewo amene ali kale osauka, osaphunzira komanso otalikirana ndi chipatala? Kuti ayankhe, ofufuza ena anayamba kuyerekeza mimba za mayi mmodzimodzi yemweyo. Ku Australia mu 2014, njira imeneyi inasonyeza kuti chiopsezo cha mpata waufupi n'chochepa kwambiri kusiyana ndi momwe ankaganizira poyamba.

Koma mu 2019, Joseph Molitoris ndi anzake anaunika ana pafupifupi 4.5 miliyoni m'maiko 77 osauka ndi otukuka pang'ono, akuyerekezanso ana a mayi mmodzi. Anapeza kuti kumene umphawi uli waukulu, mpata waufupi umawonjezeradi imfa za makanda, ndipo chiopsezocho chimachepa pamene amayi ali ophunzira ndiponso moyo uli wabwinoko. Tanthauzo lake ndi lakuti mayi wa ku Manchester, ku England, amene waima mwana ali ndi chaka chimodzi sali pa chiopsezo chofanana ndi cha mchemwali wake wa kumudzi ku Nsanje, ngakhale miyezi yawo ili yofanana. Zimene mlongo wanu wa kunja anauzidwa ndi dokotala wake zingakhale zoona kwa iyeyo koma osakwanira kwa inu.

Pa nkhani yopita padera, msonkhano wa 2005 uja unalangiza kudikira miyezi 6. Kafukufuku wa pambuyo pake, monga wa ku Scotland wa mu 2010, anapeza kuti amayi amene anaimanso isanathe miyezi 6 sanakumane ndi mavuto ochuluka kuposa amene anadikira. Madokotala ambiri tsopano amayang'ana ngati magazi abwerera, ngati m'chiberekero mulibe matenda, komanso ngati mtima wa mayi wakonzeka, pakuti chisoni cha padera sichitha pa tsiku lofanana kwa onse.

## Msinkhu wa mayi

Mayi amene anabereka woyamba ali ndi zaka 22 ali ndi nthawi yambiri. Amene anabereka ali ndi zaka 36, mwina chifukwa cha sukulu kapena chifukwa mwana anachedwa kubwera, ali pakati pa zinthu ziwiri zovuta. Mphamvu yobereka imayamba kutsika zaka zikapitirira 30 ndipo imatsika mofulumira akadutsa 37, pomwe chiopsezo chopita padera chimakwera. Komabe kafukufuku wa ku Canada wa mu 2018 anasonyeza kuti amayi a zaka 35 kupita m'tsogolo nawonso amavutika akaima pa miyezi 6, ndipo kwa iwo chiopsezo chachikulu chimagwera thupi la mayi mwiniwake. Kafukufukuyo anaonetsa kuti kudikira chaka chimodzi mpaka chaka ndi theka kumachotsa gawo lalikulu la chiopsezocho. Apa m'pamene kukambirana ndi dokotala kumaposa kutsatira nambala imodzi.

Mayi amene akumwa ma ARV ali ndi choyezera china chowonjezera: ndi bwino kuima pamene kuyeza magazi kwasonyeza kuti kachilombo kachepa mpaka kosaoneka.

## Mpata suchitika wokha

Kale mpata unkasungidwa ndi mwambo. Mayi akachira, banja linkadika mpaka anankungwi atalangiza kuti nthawi yotenga mwana yakwana, ndipo mantha a tsempho ankalimbitsa lamulolo. Katswiri wa chiwerengero cha anthu, Eliya Zulu, analemba mu 2001 kuti kudika kumeneku kunali kwa nthawi yaitali kumpoto kusiyana ndi m'chigawo chapakati. Boma la Dr. Kamuzu Banda linaletsa ntchito za kulera m'zaka za m'ma 1960, ndipo zitaloledwanso mu 1982 zinabwera ndi cholinga chotalikitsa mpata wa ana, osati kuchepetsa chiwerengero chawo. Pofika 2015-16, amayi okwatiwa 58 mwa 100 alionse ankagwiritsa ntchito njira zamakono zolera, ndipo chiwerengero cha ana pa mayi mmodzi chinatsika kuchoka pa 6.7 mu 1992 kufika pa 4.4.

Ngakhale zili choncho, ana ambiri opondana kwambiri sabadwa chifukwa makolo anasankha. Amabadwa chifukwa cha chikhulupiriro chakuti mayi woyamwitsa, kapena amene sanayambe kusamba, sangaime. Kuyamwitsa kumatetezadi, mpaka amayi 98 mwa 100, koma pokhapokha zinthu zitatu zili pamodzi: mwana sanakwanitse miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku popanda phala kapena madzi, ndipo msambo sunabwerere. Chimodzi chikangosowa, chitetezo chatha. Komanso dzira limatuluka msambo usanaoneke, choncho mayi angathe kuima asanaone msambo ngakhale kamodzi chiberekereni. Mayi amene sakuyamwitsa angathe kuima patangotha mwezi umodzi.

Njira imene mayi wasankha iyenera kugwirizana ndi nthawi imene akufunira mwana wachiwiri, ndipo apa pali mfundo imene ambiri sauzidwa. Jakisoni wa Depo, amene ndiye wofala kwambiri kwathu, amabayidwa miyezi itatu iliyonse, koma akasiyidwa mphamvu yobereka imachedwa kubwerera. Amayi ambiri amatha miyezi pafupifupi 10 kuchokera pa jakisoni womaliza asanaime, ena chaka ndi kuposa. Jakisoni satseketsa kubereka, koma kuchedwaku kumabweretsa mantha ndi mikangano m'banja, mpaka ena kuyamba kuyenda kwa asing'anga. Kachipangizo ka pamkono kamagwira ntchito zaka zitatu ngati ndi Implanon, kapena zisanu ngati ndi Jadelle, ndipo kakachotsedwa mayi angathe kuima mwezi womwewo. Lupu nayonso ikachotsedwa mayi angathe kuima msanga, ndipo ingathe kuikidwa pasanathe maola 48 mayi atachira kapena pakatha masabata anayi. Mapiritsi a mphamvu ziwiri amadikira miyezi 6 kwa mayi woyamwitsa, pomwe a mphamvu imodzi angathe kuyambidwa msanga.

## Nanga anawo, adzagwirizana?

Ili ndi funso limene makolo amalikamba kwambiri, koma umboni wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa zaumoyo. Ena amati ana opondana amakula ngati mapasa, ena amati amangokhalira kumenyana. Zonse ziwiri zimachitika, ndipo palibe mpata umene wapezeka kuti umatsimikiza chikondi cha pachibale. Kafukufuku wa ku America wa mu 2012 anapeza kuti mwana wamkulu amakhoza bwinoko m'kalasi mpata ukakhala wotalikirapo, pomwe wa ku Sweden wa mu 2017 sanapeze kusiyana kwenikweni pa maphunziro ndi ndalama anawo atakula.

Chimene chimaoneka pafupifupi m'nyumba iliyonse ndi nsanje ya masiku oyamba. Mwana amene anasiya kukodza pogona amayambiranso, amafuna kuberekedwa nthawi yomwe khanda likuyamwa, pena amalitsina. Izi zimatha. Mwana wa zaka zitatu amatha kufotokozeredwa ndipo amanyadira kutumidwa kukatenga thewera, pomwe wa chaka ndi theka sadziwa chifukwa chake nsalu imene ankaberekeredwa yapita kwa wina.

Mpata wautali uli ndi vuto lake limene limandidetsa nkhawa. Mtsikana wa zaka 7 kapena 8 amasanduka mlezi. Amabereka khanda mayi ali kumunda kapena ku geni, amachedwa kusukulu, ndipo masiku ena sapita n'komwe. Kuthandiza n'kwabwino, koma kulera si ntchito ya mwana wa Sitandade 2.

Pa nkhani ya ndalama, masamu ake ndi osavuta. Sekondale ndi zaka zinayi, choncho ana osiyana zaka ziwiri adzakhala ku sekondale limodzi kwa zaka ziwiri, pomwe osiyana zaka zinayi mmodzi amalowa Fomu 1 mnzake akutuluka Fomu 4. Njira yoyamba imaunjika mtolo pa nthawi yochepa, yachiwiri imautambasula kwa zaka zambiri, mwina mpaka kholo litapuma pa ntchito. Kwa mayi wapantchito ku Malawi palinso lamulo la ntchito la mu 2000, limene limapereka tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8 ndi malipiro onse, koma kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Kusintha kwa lamuloli mu 2021 kunapatsanso abambo masabata awiri pa zaka zitatu zomwezo. Mwana wachiwiri akabwera zaka zitatu zisanathe, tchuthi cholipidwa chimadalira mgwirizano ndi abwana.

## Ngati pathupi pabwera kale

Mabanja ambiri amamva zonsezi mayi ataima kale mwana ali wa miyezi 8 kapena 10. Manyazi amachititsa amayi ena kubisa pathupi n'kuchedwa kuyamba sikelo, poopa kunenedwa ndi anzawo kapena kukalipiridwa kuchipatala, ndipo kuchedwako kumawonjezera vuto pa vuto.

Mayi wotere ayambe sikelo m'miyezi itatu yoyambirira ndipo anene mosabisa msinkhu wa mwana amene ali naye. Ayezetse magazi, amwe mapiritsi owonjezera magazi tsiku ndi tsiku, alandire Fansidar pa nthawi yake ndipo azigona m'neti pamodzi ndi mwanayo. Asasiyitse bere mwadzidzidzi. Phala la mwana likhale lolimba, lothira nsinjiro, dzira, usipa wosinja kapena soya, ndipo mwanayo apitirize kupita kusikelo ya ana mwezi ndi mwezi kuti kutsika kwa sikelo kuoneke msanga. Bambo ndi achibale atenge ntchito zolemetsa monga kutunga madzi, kulima ndi kubereka mwana wamkuluyo. Ngati woyamba anabadwa mwa opareshoni, mayi auze anamwino mwezi ndi chaka chimene anachitidwa opareshoniyo, ndipo akonzekere kukadikirira ku chipatala chimene chimachita maopareshoni masiku asanakwane. Njira yolera yodzagwiritsa ntchito akadzachira aisankhiretu pa nthawi ya sikelo yomweyi, kuti ikalembedwe m'buku lake la kuchipatala.